Kupanga app ya pafoni osalemba code: chida chiti chikuyenerani kuno ku Zomba?

Mwini shopu ya zipangizo zomangira ku Chinamwali akufuna anyamata ake atatu azilemba pa foni simenti ndi malata amene atuluka. Sukulu ina ku Matawale ikufuna makolo aziona zotsatira za mayeso ndi ngongole ya fizi osabwera ku ofesi. Bungwe lothandiza alimi a mpunga kudera la Chilwa likufuna alangizi ake azilemba mayina ndi maekala ali kumunda komweko. Onsewa anamva kuti masiku ano munthu atha kupanga app yekha osalemba code, malangizo a chinenero cha makompyuta amene akatswiri amalemba, ndipo ndi zoona. Vuto ndi lakuti zambiri mwa zida zimenezi zinapangidwa poganizira munthu wa intaneti yosadukaduka komanso khadi lolipirira madola mosavuta. Kuno chida chabwino ndi chimene chimapirira netiweki yathu, mafoni athu ndi kwacha yathu, osati chooneka bwino pa sikirini.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Funso limene limagamula zambiri ndi ili: azidzatsegula app yanuyo ndani? Ngati ndi antchito anu, anthu owerengeka amene mumawadziwa ndi mayina omwe, mukufunika chida cha mtundu wina. Ngati ndi makasitomala kapena makolo, amene simungadziwe kuti adzakhala angati, mukufunika cha mtundu winanso. Makampani ena amalipiritsa pa munthu aliyense wolowa mu app, ena amalipiritsa app yonse mosawerengera anthu. Amene wasokoneza ziwirizi amadzazindikira bilu itabwera kale.

Kenaka netiweki. M'tauni 4G imapezeka, koma mukalowera ku Jali, ku Kachulu kapena pachilumba cha Chisi pali malo ena amene foni imangoonetsa E, mwinanso osaonetsa kanthu. App ya kumeneko iyenera kusunga zolembedwa m'foni momwemo n'kuzitumiza ikadzagwira netiweki. Mawu akuti offline pa tsamba la kampani musawakhulupirire msanga, nthawi zina amangotanthauza kuti mutha kuwerenga zakale koma osalemba zatsopano. Yesani nokha: ikani foni pa airplane mode, tsekani app, itseguleninso, lembani zinthu zisanu kuphatikizapo chithunzi chimodzi, kenaka yatsani bandulo muone ngati zonse zisanu zafika.

Za ndalama, kumbukirani kuti zida zambiri si zogula, ndi zalendi. Mumalipira mwezi ndi mwezi, m'madola, pa khadi la Visa kapena Mastercard. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700, ndipo aliyense wolipira lendi yotereyi anadzuka bilu itakwera asanakhudze chilichonse. Onjezerani kusowa kwa ndalama zakunja, kumene kumachititsa kuti khadi likanidwe ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Pitani kubanki mukafunse malire a khadi lanu pa zolipira kunja musanayambe kupanga kanthu.

Mafoni a anthu ambiri ndi itel ndi Tecno a RAM ya 1GB kapena 2GB, odzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp. App yanu iyesedwe pa foni yotero, osati ya bwana.

Ngati app izilandira ndalama, dziwani kuti zida zambiri zimabwera ndi batani lokonzeratu la Stripe, kampani yakunja yolandirira malipiro a pa intaneti, koma Stripe satsegulira akaunti mabizinesi olembetsedwa ku Malawi. Makasitomala anu amalipira pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, choncho mufunika chida chotha kulumikizana ndi API (khomo limene mapulogalamu awiri amalankhulirana) ya kampani yolandirira malipiro ya konkuno, monga PayChangu. Apo ayi, kasitomala azitumiza ndalama pa nambala yanu n'kulemba nambala ya risiti mu app, inu muzitsimikizira pamanja.

Chomaliza anthu amachinyozera, koma n'chimene chimapha ma app ambiri: akauntiyo ndi ya ndani? Ku Zomba n'kosavuta kupeza wophunzira wa pa UNIMA wokupangirani app pamtengo wabwino. Akaipangira pa Gmail yake, tsiku limene wamaliza maphunziro n'kupita ku Lilongwe app ndi data yonse zapita naye. Tsegulani imelo ya bizinesi kapena bungwe, nambala yobwezeretsera pasiwedi ikhale yanu, wopangayo muchite kumuitana kuti alowe ngati wothandizira. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limapereka udindo kwa amene akusunga mayina, manambala a foni ndi zinsinsi za anthu, ndiye kuti kwa inuyo.

Palinso ndalama ina yosadalira chida chimene mwasankha. Kuika app pa Google Play kumafuna akaunti ya madola 25 olipira kamodzi, pamene Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse. Akaunti yatsopano ya munthu payekha pa Google Play siloledwa kutulutsa app mpaka anthu 12 ataiyesa masiku 14 motsatizana, ndipo ya bungwe imafuna nambala ya D-U-N-S, yozindikiritsa bizinesi kapena bungwe padziko lonse. Ikani mwezi wathunthu pa ndondomeko yanu wa zimenezi zokha.

AppSheet

Ichi ndi chida cha Google, anachigula mu 2020. Chimatenga tebulo la Google Sheets kapena Excel n'kulisandutsa app: mzere uliwonse umakhala chinthu chimodzi, mutu wa danga lililonse umakhala funso la pa fomu.

Mtengo. Kupanga ndi kuyesa ndi anthu osapitirira 10 n'kwaulere. Kupitirira apo mumalipira pa munthu aliyense: madola 5 pa mwezi pa pulani ya Starter, madola 10 pa Core. Antchito 15 pa Core ndi madola 150, ndipo dola ikakhala pa K1,750 ndiye K262,500 mwezi uliwonse. Makolo 400 a pasukulu musawerengere n'komwe. Mabungwe amene amalipira kale Google Workspace afufuze kaye, chifukwa mapulani ambiri a Workspace amabwera ndi Core m'kati.

Kupezeka. Mumapangira pa Chrome, laputopu wamba imakwanitsa. Antchito amatsitsa AppSheet pa Play Store, n'kulowa ndi imelo yawo, app yanu imatsegukira m'menemo. Pa ntchito ya kumudzi ichi ndiye champhamvu pa zonse zili pano, bola muyatse zinthu zitatu pa makonzedwe a offline: kuti app izitseguka popanda netiweki, kuti izisunga zithunzi m'foni, komanso Delayed sync, yosunga zolembedwa m'foni kuti zidzatumizidwe pambuyo pake.

Kusamalira. Apa m'pofunika chidwi, chifukwa zolakwika zake n'zazing'onozing'ono koma zimaononga data mwakachetechete. Tebulo lililonse likhale ndi danga la key, chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake, lodzazidwa ndi fomula ya UNIQUEID(). Mukalola AppSheet kugwiritsa ntchito nambala ya mzere ngati key, alangizi awiri amene alemba ali kopanda netiweki adzalimbirana mzere umodzi ndipo zolemba zidzasokonezeka. Danga la manambala a foni liikeni pa Plain text, apo ayi Sheets imadya ziro woyamba, 099 kapena 088 n'kukhala nambala yosaimbika. Locale ya tebulo, makonzedwe a dziko amene amasankha kalembedwe ka madeti, muiike pa United Kingdom. Ikakhala pa United States, 03/04 imene inu mukuti 3 April imawerengedwa ngati 4 March. Mukawonjezera danga latsopano mu Sheets, bwererani mu AppSheet mukadine Regenerate, mukapanda kutero app imakana kulumikizana pa mafoni onse. Chepetsani kukula kwa zithunzi zotumizidwa, poti zimapita mu Google Drive ya mwini app, imene yaulere ndi 15GB yokha. Kutha kwa chaka samutsani mizere yakale kupita ku tebulo lina. Foni imatsitsa tebulo lonse, ndiye likafika mizere masauzande ambiri itel imayamba kukwawa.

Zoopsa. Anthu awiri akasintha mzere umodzi, wotumiza pomaliza ndiye amapambana, popanda chenjezo. Wantchito akachotsa app kapena foni ikabedwa asanatumize, zolemba za tsikulo zapita, choncho lamulo likhale kutumiza madzulo aliwonse. Choopsa kwambiri ndi kubisa zinsinsi ndi slice, njira yoonetsera gawo chabe la tebulo. Slice imangobisa pa sikirini, pamene data yonse yafika kale m'foni. Chotchinga chenicheni ndi security filter, imene imaletsa data yosamukhudza munthu kufika m'foni yake, ndipo chimapezeka kuyambira pa Core. Code ya app simungaitulutse, koma tebulo lanu limakhala lanu, ndipo zimenezi n'zamtengo wapatali tsiku losamuka.

Glide

Mtengo. Pali pulani yaulere yoyesera. Zolipira zimawerengera anthu olowa komanso kuchuluka kwa zosintha pa data, ndipo kampaniyi yasinthapo mapulani ake kangapo, choncho onani mtengo wa tsiku limene mukusankha.

Kupezeka. Imagwiranso ntchito ndi Google Sheets, Excel kapena matebulo akeake, ndipo imatulutsa app yooneka bwino mofulumira kuposa zinzake. Koma app ya Glide sipita pa Play Store. Mumatumiza link pa WhatsApp, munthu n'kuitsegula pa Chrome, n'kudina Add to Home screen. Kwa foni yodzaza zimenezi n'zabwino, palibe chotsitsa chachikulu.

Kusamalira. N'kopepuka. Mukasintha, aliyense amaona zatsopano akangotsegula.

Zoopsa. Imafuna netiweki kuti igwire ntchito bwino, ndiye ya kumunda iwalani. Zinsinsi zimatetezedwa ndi Row Owners, makonzedwe opatsa mzere uliwonse mwini wake kuti uzifika kwa iye yekha. Mukangobisa ndi filter, data imafikabe pa foni ya aliyense.

Adalo

Mtengo. Kupanga n'kwaulere, koma kuti mutulutse pa Google Play kapena App Store mufunika pulani ya madola makumi angapo pa mwezi, kuphatikizapo ndalama za masitolo aja. Ubwino wake, simulipira pa kasitomala aliyense ngati pa AppSheet.

Kupezeka. Mumakoka mabatani, mindandanda ndi mafomu n'kuziika pa sikirini ngati mukukonza chikalata. Ili ndi nkhokwe yakeyake ya data, simufunika kulumikiza ina. Munthu wozolowera kompyuta amaigwira m'masiku ochepa.

Kusamalira. Chachikulu ndi liwiro. Mndandanda wautali wokhala ndi zithunzi zazikulu, kapena mndandanda m'kati mwa mndandanda wina, umachedwa kutseguka pa foni yotchipa. Chepetsani zithunzi musanaziike, ndipo muzionetsa zinthu zochepa pa sikirini imodzi.

Zoopsa. Imadalira intaneti. Code situlutsidwa, ndipo data ili kwa iwo, choncho muzitsitsa CSV (fayilo yotseguka mu Excel) ya matebulo onse sabata iliyonse. Tsiku limene mwaganiza zosamuka, app mudzaimanga kuyambira pa maziko.

FlutterFlow

Tinene mosabisa: ichi amachitcha chida chosalemba code, koma munthu wosadziwa momwe data imasanjidwira adzavutika nacho. Chimamanga app pa Flutter, njira ya Google yopangira ma app a Android ndi iPhone nthawi imodzi, ndipo chimene chimatuluka ndi app yeniyeni yothamanga bwino.

Mtengo. Kuphunzira ndi kuyesa n'kwaulere. Kutsitsa APK (fayilo yoikira app pa foni ya Android), kutsitsa code kapena kutumiza ku masitolo kumafuna pulani ya madola makumi angapo pa mwezi. Koma pali kusiyana kwakukulu ndi zinazo: app ikatuluka sidalira seva za FlutterFlow, choncho mutha kulipira miyezi imene mukumanga kapena kukonza yokha. Ndalama ina ili ku nkhokwe ya data, Firebase kapena Supabase. Pulani yaulere ya Firebase imalola kuwerenga ka 50,000 ndi kulemba ka 20,000 pa tsiku mu Firestore, nkhokwe yake ya data, ndi malo a 1GB. Zikuoneka zambiri, koma anthu 500 akatsegula kamodzi mndandanda wa katundu 100, gawo la tsikulo latha. Ikani malire kuti zizitsika 20 nthawi imodzi, zina zizibwera munthu akamatsikira m'munsi mwa mndandandawo.

Kupezeka. Pamafunika laputopu ya RAM yosachepera 8GB, intaneti yolimba ndi magetsi. Kuyesa app nthawi iliyonse kumadya bandulo, ndiye amene amagwira ntchito kudera kozimazima magetsi awerengere inverter kapena malo ogwirira ntchito okhala ndi jenereta. Firestore imasunga data m'foni ndipo imatumiza zolembedwa netiweki ikabwera, koma sikirini iliyonse muyenera kuiyesa panokha pa airplane mode.

Kusamalira. Google Play imakweza zofunikira zake za Android chaka ndi chaka, nthawi zambiri kumapeto kwa August, ndipo app yosiyidwa osamangidwanso imasiya kuoneka kwa anthu a mafoni atsopano. Ikani mu bajeti mwezi umodzi pachaka wolipira chidachi ndi munthu wokonza. Mukatsitsa code n'kuisintha pamanja, zosinthazo sizibwerera zokha mu FlutterFlow, ndiye gwirizanani poyambirira kuti app izikonzedwera kuti.

Zoopsa. Zambiri zili ku Firebase. Test mode, makonzedwe oyesera amene mungasankhe potsegula nkhokwe, imasiya data poyera kwa aliyense masiku 30, kenaka imatseka zonse, app n'kuoneka ngati yafa. Osadziwa amangotsegulanso kwamuyaya, zimene zili ngati kusiya sitolo yosakhoma usiku. Lembani malamulo oti munthu aziona zake zokha. Kulandira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba kumatheka kudzera pa API, koma kiyi yachinsinsi ya kampani yolandirira malipiro isaikidwe mu app, poti APK munthu atha kuisasula n'kuipeza. Iikeni mu Cloud Function, kapulogalamu kogwira ntchito pa seva osati m'foni, ndipo katundu atuluke pokhapokha seva yatsimikizira kuti ndalama zalowa, osati chifukwa foni yanena choncho. Cloud Functions ndi ma SMS otsimikizira nambala zimafuna pulani ya Blaze, yolipira monga mwa kagwiritsidwe, ndipo chenjezo la bajeti limangokuuzani, silimitsa bilu.

MIT App Inventor

Chinayambira ku Google mu 2010, pano chimayendetsedwa ndi yunivesite ya MIT ku America. Mumalumikiza timabuloko ta mitundumitundu ngati mukumanga njerwa: batani ili likadinidwa, chita ichi. Thunkable ndi Kodular zinachokera pa maganizo omwewa, koma izo zili ndi mapulani olipira.

Mtengo. Ulere weniweni, khadi silifunika. Pa dziko losowa madola imeneyi si nkhani yaing'ono.

Kupezeka. Mumalowa ndi Gmail, mumayesa pa foni kudzera pa app ya MIT AI2 Companion, kenaka mumatsitsa APK n'kuigawa pa WhatsApp kapena Bluetooth. Wolandira ayenera kulola foni kuika app yochokera kunja kwa Play Store, ndipo Play Protect ikhoza kuchenjeza. Auzeni anthu pasadakhale kuti asaope. Kankhokwe kake kotchedwa TinyDB kamasunga data m'foni, ndiye app imagwira ntchito popanda bandulo ngakhale pang'ono.

Kusamalira. Sungani mafayilo awiri pa flash komanso pa Drive: fayilo ya .aia, imene ndi app yonse yosamangidwa, ndi keystore, imene ndi siginecha yake. Keystore ikatayika, APK yatsopano imakana kukhala pamwamba pa yakale, munthu n'kukakamizika kuchotsa yakaleyo, ndipo zonse za mu TinyDB zimapita nayo. Masikirini asapitirire 10. Timabuloko tikachuluka timakhala ngati ulusi wopiringizana, wina sangatizindikire.

Zoopsa. Data ili m'foni imodzi, foni ikagwera m'madzi kaundula wapita. Ikani batani lotulutsa CSV n'kuitumiza pa WhatsApp. Kulumikiza mafoni ambiri ku tebulo limodzi la Google Sheets kumatheka, koma makiyi olowera amakhala m'kati mwa APK, choncho musaikemo zinsinsi za anthu kapena za ndalama za gulu. Maonekedwe ake ndi achikale, si oti mukopere makasitomala.

Chiti cha ndani

Shopu ya ku Chinamwali ija, yokhala ndi antchito atatu kapena asanu, itenge AppSheet. Anthu ndi ochepa, kaundula wa katundu ali kale mu Excel, ndipo bilu imadziwika. Galaja, malo ogona alendo a ku Ku Chawe amene akufuna kulemba zipinda ndi zogula za kukhitchini, kapena wogulitsa matemba ndi mpunga wa ku Chilwa amene ali ndi oimirira awiri atatu, onsewa ali m'gulu lomweli.

Bungwe la alangizi a kumunda lidzifunse kaye: kodi alangizi amangolemba n'kutumiza, kapena amafunikanso kuona ndi kusintha zakale za mlimi? Ngati n'kungolemba, app musapange n'komwe. KoboToolbox ndi app yake ya KoboCollect zinapangidwira ntchito imeneyo, zimagwira popanda netiweki, zili ndi pulani yaulere, ndipo anthu ambiri amene anachitapo kafukufuku ku Zomba amazidziwa kale. Ngati mlangizi ayenera kutsegula dzina la mlimi n'kuona mbewu imene analandira chaka chatha, ndiye AppSheet ya Core yokhala ndi security filter, kuti aliyense azitsitsa alimi a dera lake okha.

Sukulu ya ku Matawale iwerenge kaye makolo amene ali ndi foni za Android ndi bandulo. Akakhala ochepa, SMS ndi WhatsApp zidzafika kwa ambiri kuposa app. Akakhala ambiri, njira yolondola ndi FlutterFlow ndi munthu wodziwa malamulo a Firebase, chifukwa zotsatira za ana ndi ngongole za makolo si zoyesera. Tchalitchi kapena gulu la ophunzira limene likungofuna ndandanda ya misonkhano ndi zolengeza, zopanda chinsinsi, Glide ikwanira, bola liwerenge malire a anthu pa pulani imene lasankha.

Amene ali ndi ganizo la bizinesi, kaya kuitanitsa kabaza, kaya kubweretsera chakudya ophunzira a ku Chikanda, ayambe ndi Adalo kapena Glide miyezi iwiri itatu, malipiro azitsimikizira pamanja, aone ngati anthu akubweranso kachiwiri. Akamabwera, asamukire ku FlutterFlow n'kulumikiza Airtel Money ndi Mpamba moyenera. Mlembi wa banki mkhonde wofuna kuwerengetsa masheya ndi chiwongoladzanja pa foni imodzi, kapena mphunzitsi wa ku Domasi wofuna app ya mafunso obwereza a MSCE yogwira popanda bandulo, atenge App Inventor, asunge keystore yake malo awiri, ndipo buku la gulu lolemba pamanja lipitirire kulembedwa pa msonkhano uliwonse.